Kodi kukweza msonkho wa ndudu ndi vape kupha mlimi wa fodya?

Funso: "Ndili ndi golosale ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo achimwene anga amalima fodya wa burley ku Bolero m'boma la Rumphi. Ndikumva a zaumoyo akunena kuti boma likweze msonkho wa ndudu komanso wa vape amene achinyamata ayamba kusuta. Kodi zimenezi sizigwetsa mtengo wa fodya ku okushoni? Nanga anthu sangothamangira ndudu zozembetsa ndi chingambwe, ife ogulitsa katundu wovomerezeka n'kusowa wotigula?"

Yankho: Bambo, nkhawa zanu zilipo ziwiri koma sizilemera mofanana. Ya ku okushoni ndi yaing'ono. Ya ndudu zozembetsa ndi chingambwe ndi yeniyeni, ndipo ndi pamenepo pamene pamaonekera ngati msonkho wakonzedwa mwanzeru kapena wangolengezedwa.

Tiyambe ndi achimwene anu. Msonkho umene a zaumoyo akunena, umene a MRA amautcha excise, sukhomedwa pa tsamba ayi. Umakhomedwa pa ndudu yopangapanga, ikamatuluka m'fakitale ya muno kapena ikamalowa pa chipata monga cha Songwe. Belo limene lachoka ku Bolero n'kudzagulitsidwa ku okushoni ya Mzuzu limayenda njira ina. Makampani ogula tsamba amakalichotsa mitsempha, kuliumitsanso ndi kulilongedza, kenako limakwera sitima kupita ku mafakitale a kunja. Pafupifupi fodya yense wolimidwa m'Malawi amathera kunja, ndipo amene amasutidwa muno ndi kachigawo kochepa kwambiri. Ngakhale munthu aliyense wosuta mu Mzuzu atasiya mawa, wogula pa okushoni sangazindikire n'komwe. Mtengo wa belo umayendera zina: kuchuluka kwa fodya amene makampani apempha chaka chimenecho poyerekeza ndi amene alimi akolola, giredi ya tsambalo, chinyezi chake, ndiponso ngati m'belo mwapezeka mapulasitiki, zingwe kapena zinyalala. Ndalama zimene mlimi amadulidwa akagulitsa nazonso ndi nkhani ina, sizikhudzana ndi msonkho wa ndudu.

Chimene achimwene anu ayenera kuchiyang'anitsitsa chili kunja komweko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2000 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu padziko lonse ankagwiritsa ntchito fodya, koma pofika mu 2022 anali mmodzi mwa asanu. Maiko amene amasuta fodya wathu akukweza misonkho yawo, ife tikweze wathu kapena tisakweze. N'chifukwa chake pangano la maiko lolimbana ndi kusuta la FCTC, limene Malawi inalowamo mu 2023, lili ndi ndime 17 yonena za kuthandiza alimi kupeza mbewu zina zopezerapo ndalama. Mlimi wa ku Rumphi amene akusiya gawo la munda kuti adzalepo soya kapena mtedza akuona patali.

Tsono n'chifukwa chiyani a zaumoyo amakakamira msonkho, osangopitiriza kulangiza anthu pa wailesi? Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mwa anthu osuta amene sasiya, mpaka theka amafa ndi matenda obwera ndi fodyayo. Utsi wa ndudu uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Kwathu kuno vutoli limakumana ndi mavuto ena amene alipo kale. Wosuta amadwala chifuwa chachikulu cha TB mosavuta, pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi wosasuta. Malawi ili m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri, ndipo fodya ndi mowa ndi zina mwa zimene zimaisonkhezera. Mwana wogona m'chipinda chimodzi ndi bambo wosuta amadwaladwala chibayo ndi mphumu. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi m'Malawi ankasuta. Onsewa akadwala amakagona m'zipatala za boma monga Mzuzu Central, zimene zimayenda ndi misonkho ya tonse, osuta ndi osasuta omwe. Pali ndi mawu amene mumawamva pa golosale yanu mu Juni, mlonda kapena wakabaza akamagula ndudu m'bandakucha, akuti n'njothamangitsira kuzizira. Chikonga chimafinya mitsempha ya magazi, moti manja ndi mapazi zimazizira kuposa kale. Chimene munthuyo akumva kuti chatha ndi chibaba.

Malangizo amathandiza, koma munthu wachibaba amamva msanga mtengo kuposa malangizo. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amagwirizana kuti mtengo wa ndudu ukakwera ndi 10 peresenti, kasutidwe kamatsika ndi pafupifupi 4 peresenti m'maiko olemera ndi pafupifupi 5 peresenti m'maiko osauka. Ena amasiyiratu, ena amachepetsa, ndipo gulu limene limakhudzidwa kwambiri ndi la achinyamata amene sanazolowere, chifukwa ndalama zawo ndi za m'thumba zochepa.

Onetsetsani manambalawo: kasutidwe kamatsika pang'ono kuposa mmene mtengo wakwerera. Apa ndi pamene boma limapindula kawiri. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Mzinda ukugula mapaketi 1,000 pa K2,000 iliyonse, ndipo mwa ndalamayo K600 ndi msonkho. Boma likutolera K600,000. Msonkho ukafika pa K1,200, paketi ifika pa K2,600, kutanthauza kuti yakwera ndi 30 peresenti. Ogula atsika ndi 15 peresenti, mapaketi ogulidwa n'kukhala 850. Boma litolera K1,020,000, pomwe mapaketi 150 a ndudu 20, kapena kuti ndudu 3,000, sizinasutidwe. Izi si masamu a pa pepala okha. Ku South Africa, pakati pa 1993 ndi 2003, boma linkakweza msonkho chaka ndi chaka mpaka mtengo weniweni wa ndudu unawirikiza kawiri. Ndudu zosutidwa m'dzikomo zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ndalama zolowa m'thumba la boma zinaposa kuwirikiza kawiri.

Koma si msonkho uliwonse umene umachita zimenezi, ndipo maiko ambiri amaphonya pa kakonzedwe. Pali njira ziwiri zokhomera. Yoyamba ndi ya peresenti pa mtengo wa katundu. Yachiwiri ndi ya ndalama yokhazikika pa chiwerengero cha ndudu, mwachitsanzo pa ndudu 1,000 zilizonse, posayang'ana dzina kapena mtengo wake. Ya peresenti imaoneka yachilungamo koma ili ndi mabowo awiri. Loyamba n'lakuti mtengo umene msonkho umawerengedwerapo amautchula ndi mwini katundu. Woitanitsa akhoza kulemba pa invoisi kuti paketi anaigula K300 pomwe anaigula K600, msonkho n'kutsika ndi theka, ndipo wa kasitomu pa chipata zimamuvuta kutsutsa. Lachiwiri n'lakuti imatalikitsa ndudu zotchipa ndi zodula. Pa msonkho wa 30 peresenti, paketi ya K600 ilipira K180 pomwe ya K2,000 ilipira K600. Wosuta ndudu yodula sasiya, amangotsikira ku yotchipa, ndipo mapapo ake sapumula. Msonkho wokhazikika, tinene K40 pa ndudu imodzi, umaika K800 pa paketi iliyonse ya ndudu 20, yotchipa ndi yodula yomwe. Wa kasitomu ntchito yake n'kungowerenga makatoni. Ndudu yotchipitsitsa, imene mwana wa sekondale amayambira, ndi imene imakwera kwambiri. Dziko la Gambia linasinthira ku njira imeneyi mu 2013, ndipo ndudu zolowa m'dzikomo zinachepa pomwe ndalama za msonkho zinachuluka.

Njira yokhazikikayi ili ndi matenda ake amodzi, ndipo kwa ife ndi oopsa: imadyedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msonkho wolembedwa m'makwacha ukakhala zaka zitatu osakhudzidwa, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimakwera, ndudu n'kusanduka yotchipa pakati pa zinthu za m'golosale ngakhale palibe amene watsitsa kalikonse. Mankhwala ake n'kulemba m'lamulo lenilenilo kuti msonkhowu uzikwera wokha chaka chilichonse moposa kukwera kwa mitengo ndi kwa malipiro a anthu, osadikira kuti nduna ya zachuma iukumbukire mu bajeti. Muyeso wa WHO ndi wakuti misonkho yonse pamodzi ifike 75 peresenti ya mtengo umene wogula amalipira. Ndipo msonkho ukhale umodzi. Kugawa ndudu m'magulu, kuti izi n'zazifupi, izi n'zopanda fyuluta, izi zilipire pang'ono, kumangopatsa makampani khomo: amasintha kapangidwe kuti ndudu yawo igwere m'gulu lotsika.

Chinthu china mumachidziwa inu kuposa olemba malamulo. Kasitomala wanu wambiri sagula paketi, amagula ndudu imodzi kapena ziwiri pamodzi ndi machesi. Tiyerekeze kuti ndudu mukugulitsa K100. Msonkho ukakweza paketi ndi K100 yokha, pa ndudu imodzi pabwera K5. Simungagulitse K105 chifukwa chenje chake palibe. Mudzasiya pa K100 n'kuluza phindu lanu, wosuta osamva kanthu. Kukweza pang'onopang'ono kotere kumapweteka wogulitsa wamng'ono popanda kupulumutsa aliyense. Msonkho umafunika ukwere ndithu, mpaka mtengo wa ndudu imodzi usunthe. Ndime 16 ya pangano la FCTC imapitirira apo, imapempha maiko kuti ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi komanso kugulitsa kwa ana. Ndikudziwa kuti kwa mwini golosale mawu amenewa ndi owawa, koma ndudu ya imodziimodzi ndi imene imalowetsa mwana wa zaka 14 m'chizolowezi chimene adzavutike nacho ali ndi zaka 50.

Ena amati msonkhowu umapondereza osauka. N'zoona kuti wosauka amene wapitiriza kusuta amalipira gawo lalikulu la ndalama zake kuposa wolemera. Koma osauka ndi amenenso amasiya kwambiri mtengo ukakwera, ndipo ndi amene matenda amawagwetseratu, chifukwa bambo wa maganyu akagona m'chipatala miyezi iwiri pakhomo sipalowa kanthu. Pa mtengo wathu woyerekeza uja, ndudu 10 pa tsiku ndi K30,000 pa mwezi. Dziko la Philippines mu 2012 linakweza msonkho wa fodya ndi mowa n'kulamula kuti gawo lalikulu la ndalama zowonjezerekazo lipite ku zaumoyo, makamaka inshuwalansi ya anthu osauka, ndipo gawo lina limapita ku madera olima fodya. Ine ndikuona kuti kwathu msonkhowu ungalandiridwe bwino anthu ataona ndi maso kumene ndalama zikupita: mankhwala m'zipatala, chithandizo kwa ofuna kusiya kusuta, ndi ulangizi wa mbewu zina kwa alimi.

Pa chingambwe mwanena zoona. M'dziko limene tsamba limapezeka pakhomo, ena adzasiya ndudu ya m'paketi n'kuyamba kupichira okha m'pepala, ndipo agogo ofwenkha fodya wa m'mphuno msonkho suwapeza. Chingambwe si chabwinoko chifukwa choti n'chachilengedwe. Poizoni wambiri amabadwa tsamba likamapsa. Msonkho sungafike pa mlimi aliyense wogulitsa tsamba pamsika, ndipo apa pamafunika alangizi a zaumoyo ndi mafumu. Komabe mnyamata wa m'tauni amene amayamba kusuta pofuna kuoneka wotsogola kawirikawiri sakopeka ndi chingambwe, ndiye kwa iye mtengo wa ndudu umagwirabe ntchito.

Tifike pa kuzembetsa. Chigawo cha kumpoto chili ndi malire aatali ndi Tanzania ndi Zambia, ndipo mtsinje wa Songwe suwolokedwa pa mlatho pokha. Kukweza msonkho popanda kulimbitsa katoleredwe kuli ngati kutunga madzi ndi lichero. Koma chimene chimachulukitsa ndudu zozembetsa si kukula kwa msonkho kokha. Pali maiko a msonkho wokwera kwambiri amene ndudu zozembetsa n'zochepa, ndi ena a msonkho wotsika amene zadzaza msika. Kusiyana kuli pa mphamvu za otolera msonkho ndi ziphuphu. South Africa yomweyo ikutiphunzitsa mbali iyinso. Bungwe lake lotolera misonkho litafooka cha m'ma 2015, ndudu zosalipira msonkho zinachuluka, ndipo zambiri sizinkachokera kunja, zinkatuluka m'mafakitale a m'dziko momwemo osalembedwa m'mabuku. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma linaletseratu kugulitsa fodya kwa miyezi pafupifupi isanu, ndipo msika wonse unagwera m'manja mwa ozembetsa. Kuletseratu ndi kukweza msonkho ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Zida zothana ndi vutoli n'zodziwika. Paketi iliyonse ikhale ndi sitampa ya msonkho yokhala ndi nambala yakeyake yotheka kuitsatira kuchokera ku fakitale mpaka pa shelefu, ndipo MRA ili kale ndi ndondomeko ya masitampa otere yotchedwa Kalondola. Opanga, oitanitsa ndi a maholoselo akhale ndi ziphaso zimene zingalandidwe. Ndudu zongodutsa m'dziko kupita kwina zilipiriretu chikole chobwezedwa zikatulukadi, chifukwa njira yakale ya ozembetsa n'kulemba kuti katundu akungodutsa kenako n'kumutsitsa panjira. Ndipo chilango chipose phindu, apo ayi chimangokhala ngati mtengo wa bizinesi.

Vape ndi nkhani yatsopano ndipo imafuna kusamala. M'kachida kameneka muli batire, kawaya kotenthetsa ndi madzi osakaniza propylene glycol, glycerin, zonunkhiritsa ndi chikonga. Mulibe tsamba loyaka, choncho poizoni wake ndi wochepa poyerekeza ndi utsi wa ndudu, ndipo kafukufuku wa bungwe la Cochrane, limene limaunika zofufuza za zaumoyo, wasonyeza kuti vape ya chikonga imathandiza akuluakulu ena kusiya ndudu. Koma kuchepa poizoni si kupanda vuto, ndipo WHO siivomereza ngati njira yoti dziko lonse lidalire posiyitsa anthu kusuta. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo chikonga chimaukola msanga. Tayang'anani pa kabokosi. Pakalembedwa 5%, ndiye kuti mu mililita imodzi muli mamiligalamu 50 a chikonga, pomwe ku Britain ndi ku maiko a European Union malire ndi 20. Kachida ka mamililita 10 kotere kali ndi mamiligalamu 500. Si chonse chimene chimalowa m'thupi, komabe yerekezani ndi ndudu imodzi, imene imalowetsa miligalamu imodzi kapena awiri. Ndipo vape siitha ngati ndudu kuti munthu aitaye. Wophunzira amaikoka tsiku lonse, m'chipinda, pa kama, fungo lake la mango kapena la maswiti osadzutsa aliyense. Wachinyamata amene sanasutepo, vape simuchotsa ku chilichonse, imangomupatsa chibaba chimene analibe.

Msonkho wake uwerengedwe bwanji? Nambala ya kukoka imene amalemba pa bokosi, 5,000 kapena 10,000, siingadaliridwe chifukwa palibe angaitsimikize. Kukhoma potengera kuchuluka kwa chikonga kumafuna kuyeza katundu aliyense ku labotale, ndipo zolembedwa pa mabokosi nthawi zina sizigwirizana ndi zimene zili m'kati. Njira yosavuta ndi ya pa mililita. South Africa inayamba pa 1 Juni 2023 ndi marandi 2.90 pa mililita, pa madzi a chikonga ndi opanda chikonga omwe. Mfundo yomalizayi ndi yofunika: mukasiya opanda chikonga osakhoma, katundu yense adzafika pa chipata atalembedwa kuti alibe chikonga. Britain inaletsa mavape ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya kuyambira pa 1 Juni 2025. Uganda inasankha kuletseratu vape m'lamulo lake la mu 2015.

Msonkho wa pa mililita uli ndi pothawira pake. Kachida kotaya ka mamililita awiri kamalipira kandalama kochepa, chonsecho ndi kamene ana amakakonda. Choncho pamafunikanso msonkho wokhazikika pa kachida kalikonse kotaya, kaya muli madzi ochepa bwanji. Pothawira pena ndi pa kalembedwe. Mavape ndi ang'onoang'ono, amalowa m'chikwama pakati pa machaja ndi mahedifoni n'kulembedwa ngati zipangizo za foni, ndipo ambiri amagulitsidwa pa WhatsApp osafika n'komwe pa shelefu. Kuyambira mu 2022 ndandanda ya kasitomu ya padziko lonse inapatsa katunduyu manambala akeake, 24.04 ya madzi ndi tizida totaya tokhala ndi madzi kale, ndi 8543.40 ya zida zopanda madzi, ndiye ogwira ntchito pa Songwe ndi pa mabwalo a ndege ayenera kuphunzitsidwa kuzizindikira.

Maganizo anga ndi akuti misonkho iwiriyi ikwere limodzi, wa ndudu uli patsogolo. Mukakweza wa vape wokha, amene wakodwa kale ndi chikonga adzatsikira ku ndudu ya imodziimodzi, imene ndi yoopsa kuposa. Mukakweza wa ndudu wokha vape n'kuisiya yaulere, mwatsegulira ana khomo lina.

Kwa inu mwini golosale, ndudu zidzayenda pang'ono kuposa kale, zimenezo sindikubisirani. Koma ndalama imene kasitomala sanagulire ndudu siichoka m'Chibavi, imagula buledi, sopo, mazira ndi mayunitsi, zimene mumagulitsanso inu nomwe. Chimene chingakugwetseni ndi katundu wozembetsa. Pikulani kwa a holoselo odziwika ndipo muzisunga malisiti. Musanalipire katoni, tsegulani muone ngati paketi iliyonse ili ndi sitampa yosang'ambika, yosamatidwa kachiwiri. Munthu akabwera ndi njinga yamoto madzulo n'kukutsatsani ndudu pa mtengo wotsika kwambiri kuposa wa ku holoselo, dziwani kuti msonkho sunalipiridwe, ndipo a MRA akazipeza pa shelefu yanu adzalanda katunduyo n'kulipiritsa inu, wobweretsayo atapita kale. Mavape opanda dzina la wopanga ndi woitanitsa musawalandire, ndipo botolo la madzi ake lisakhale pofikira mwana, chifukwa chikonga chamadzi chikamwedwa ndi poizoni woti mwanayo athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Tizida takutha musatiponye pamoto wa zinyalala, batire lake limaphulika.